Kumasula mabawuti a manifold amene agwira dzimbiri

Pa lole yakale ngati Dyna kapena Canter, manifold ya ekizosi, chitsulo chosonkhanitsa utsi wotuluka m'injini, imatentha n'kuzizira tsiku lililonse kwa zaka zambiri, mpaka nati ndi sitadi (bawuti yopanda mutu yomangidwa mu hedi ya injini) zimagwirana ngati chitsulo chimodzi. N'chifukwa chake ntchitoyi ndimaiyamba dzulo lake, injini itazizira. Ndimapala dzimbiri pa mazinga oonekera ndi burashi ya waya, n'kupopera mafuta olowerera m'dzimbiri katatu kapena kanayi, ndipo nthawi iliyonse ndimagogoda nati ndi hamala pang'onopang'ono kuti mafutawo apeze njira.

Kukacha ndimachotsa waya wa negetivu pa batire. Pa galimoto za ku Japan, sitadi ya M8 (yonenepa mamilimita 8) imakhala ndi nati ya sipanala 12, ya M10 nati ya sipanala 14. Soketi ikhale ya makona 6. Ya makona 12 imangosalaza nati yodyeka kale, mavuto n'kukhala awiri. Nati ikachepa ndi dzimbiri, ndimakhomerapo soketi yocheperako ndi hamala kuti ilume.

Poyamba ndimamanga kaye pang'ono, kuti dzimbiri lisweke, kenako ndimamasula kachigawo kakang'ono, kubweza, kuthira mafuta, kumasulanso. Ikalira kuti "kwee" ndiye kuti ikuyenda. Koma ikayamba kufewa m'manja mwakachetechete, lekani pomwepo: si nati ikutembenuka, ndi sitadi ikupotoka, yatsala pang'ono kuduka. Paipi yaitali pa sipanala imabisa chizindikiro chimenechi, ndipo masitadi ambiri amaduka motero.

Yokanika ndimaiotcha ndi gasi. Moto upite pa nati yokha mpaka iyambe kufiira, ifutukuke n'kusiya sitadi, ndipo ndimamasula isanazizire. Ndisanayatse ndimapukuta mafuta aja ndi kutchinga mapaipi a dizilo ndi mawaya ndi kachidutswa ka lata. Ndimayambira manati a m'mphepete kulowera pakati.

Sitadi ikaduka, kawirikawiri ya kumapeto kumene mumaona mwaye wakuda, ndimachotsa kaye manifold yonse. Ngati chotsalacho chatulukira kunja, ndimavekapo nati yokulirapo n'kuwotcherera m'kati mwake mpaka idzaze. Kutentha komweko kumagwedeza dzimbiri m'mazinga. Ikaleka kufiira ndimatembenuza mofatsa. Ngati yadukira pamlingo wa hedi, ndimawotcherera washala poyamba, nati pamwamba pake. Ikathothoka ndimabwereza, ngakhale katatu.

Kuboola kumabwera zonse zikakanika. Ndimakhoma kadontho pakati penipeni, kuyamba ndi nsonga yoboolera ya mamilimita 3, kukulitsa mpaka 6.8 pa M8 x 1.25, kenako kuyeretsa mazinga ndi tap, kachitsulo kodulira mazinga m'bowo. Ndimayeza kuya kwa bowo loyandikana nalo n'kukulunga tepi pa nsonga kuti ndisapitirire pamenepo, chifukwa kuseri kwake kumadutsa madzi oziziritsa injini. Easy-out yaing'ono, yozulira sitadi yodukira m'bowo, sindiikhulupirira: ndi chitsulo cholimba kwambiri, ikathyokera m'kati nsonga wamba siiboola. Mazinga akaonongeka, Helicoil, kawaya kopiringiza kolowa m'bowo kukhala mazinga atsopano, imakonza.

Pobwezera, ndimagoneka rula yachitsulo pankhope ya manifold. Ikakhala yopindika ipite kokasalaza, apo ayi gasiketi yatsopano iphulikanso. Masitadi ndi manati onse akhale atsopano, opakidwa girizi wa kopa pang'ono, ndipo ndimamanga kuchokera pakati kupita m'mphepete, magawo awiri, pa mlingo wa kulimba wolembedwa m'buku la injiniyo. Injini ikatentha n'kuziziranso, ndimadutsamonso ndi sipanala kamodzi.