Loweruka la ndodo ya malume

Lero ndadzuka m'mamawa kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mtima uli pa chinthu chimodzi, bokosi la ndodo yanga ya snuka. Dzulo usiku nditaitulutsa kuti ndisewere, ndinamva kadzenje kakang'ono pamtengo, pamalo penipeni pamene ndodo imatsetsereka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Munthu wosasewera sangakaone n'komwe, koma mwini ndodo amakamva nthawi iliyonse ikamapita kutsogolo ndi kubwerera, mpaka maganizo amachoka pa mpira.

Ndodoyi anandipatsa ndi malume anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata nakagwira ntchito yoperekera zakumwa m'kalabu ina mzinda uno ukadali kutchedwa Salisbury. Masewerawa anawaphunzira kumeneko poyang'ana chabe. Matebulo a pool ali ponseponse m'mashopu athu, koma tebulo la snuka, la mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, limapezeka m'makalabu owerengeka, choncho ndodo imayenda nane mtunda wautali pa kombi, minibasi zathu za kuno. Mtengo wake wakutsogolo ndi wa ash, wokhala ndi mizere yonga mivi, chogwirira chake ndi cha mtengo wakuda wolemera, ndipo imalumikizidwa ndi mkuwa chakumunsi.

Nditatsekula bokosi pakhonde, ndinamva chisoni chifukwa kunja kwake kunalibe vuto lililonse, chitsulo chake chinali cholimba monga kale. Chowononga chinali m'kati momwemo. Siponji yakale inali itafumbutuka ngati chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe, choko ziwiri zopaka kunsonga kwa ndodo zinali kugubuduzika momasuka, ndipo kachidutswa kotalikitsira ndodo, kamene kali ndi mkuwa kunsonga, kanali katachoka pamalo pake n'kugona pamwamba pa mtengo. Ndiye kuti kombi ikagwa m'dzenje lililonse la mumsewu, mkuwawo unkamenya mtengo ngati kanyundo.

Ndinayamba ndapita ku Tafara kukawaonetsa malume. Anaigwira ndi manja awiri, naitseka diso limodzi n'kuiyang'ana kuchokera kuchogwirira mpaka kunsonga, uku akuitembenuza pang'onopang'ono. "Mphwanga, ndodoyi ikadali yowongoka, koma usamaigoneke pamodzi ndi zitsulo," anatero. Kenaka anandionetsa mmene iwo ankachitira kale. Ananyowetsa kansonga ka nsalu ndi dontho limodzi la madzi, naika pa kadzenjeko pokha, n'kunena kuti ulusi wa mtengo sunaduke koma wangofinyika, ndipo ukamwa madzi pang'ono umatukuka. Anandiletsa kukhudzapo ndi sandipepa, chifukwa zimene wapala sizibwereranso.

Kuchoka apo ndinalowera kumsika wa amisiri wa Siyaso, ku Mbare, kumene kuli mmisiri wina wokonza masofa amene makolo ake anachokera ku Zomba. Titapatsana moni m'chinenero chathu, ndinamufotokozera vuto langa, ndipo iye anafunsa funso limene linandionetsa kuti ntchito amaidziwa: "Achimwene, mukufuna siponji yofewa kapena yogwira?" Ndinasankha yogwira, pakuti yofewa kwambiri imabonyera msanga ndipo ndodo imayambanso kusewera m'kati. Anachotsa yakale yonse, nadula yatsopano n'kusemamo ngalande ziwiri, ina ya mtengo wautali, ina ya chogwirira, ndipo pakati anasiya khoma lokwanira kuti ziwirizo zisakhudzane ngakhale bokosi litagwa. Pamwamba anakutapo nsalu yofewa ya thonje, naika timalamba tiwiri tomangira.

Malo amene tinataya nthawi yambiri ndi kunsonga. Kachikopa komenyera mpira n'kakang'ono, pafupifupi mamilimita 10, ndipo kamamatidwa pa kamphete ka mkuwa. Bokosi likaimikidwa mozondoka, kulemera konse kwa ndodo kumatsikira pa kachikopako, kamene kamaphwatalala kapena kumatuka, ndipo nthawi zina mtengo umang'aluka pansi pa kamphete. Tinaikako kachidutswa ka siponji kochindikala, ndipo kunja kwa bokosi ndinalembako chizindikiro choti ndizidziwa mbali yoyang'ana kumwamba. Choko tinaisokera kathumba kakekake, osati chifukwa cha kugunda kokha, komanso chifukwa fumbi lake ndi lokhakhala, limalowa m'mizere ya mtengo n'kuudetsa. Guluu atamata, mmisiriyo anandiuza kuti ndisaikemo ndodo mpaka fungo litatha, choncho tinasiya bokosi lotsekula pamthunzi kwa maola awiri.

Pobwerera, kondakitala anafuna kuliponya kumbuyo pansi pa matumba a mbatata. Ndinakana mwaulemu, ndipo ndinaliimika pakati pa mawondo anga ulendo wonse. Ndinakumbukira Stephen Hendry, katswiri wa snuka wa ku Scotland, amene ndodo yake inathyoka m'chaka cha 2003 ili m'katundu wa pandege pochokera ku Thailand, ndodo yomwe anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse maulendo 7. Ngati zinamuchitikira munthu wotere, ine sindingapereke ndodo ya malume m'manja mwa munthu amene sadziwa chimene chili m'bokosimo.

Chikundidetsabe nkhawa ndi nyengo. Dzuwa la Okutobala lino likutentha bokosi lachitsulo mpaka kuotcha dzanja, ndipo mvula ikayamba mu Novembala mpweya udzadzaza chinyezi. Mtengo umamwa chinyezi n'kuchitulutsanso, ndipo mbali imodzi ikauma msanga kuposa inzake, ndodo imapindika. N'chifukwa chake ndatola timapaketi tiwiri toyamwa chinyezi, tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, n'kutiika m'kathumba ka pambali, ndipo ndodo ndiziipukuta thukuta ndi nsalu youma ndisanatseke. Malo ake tsopano ndi pansi pa bedi, chogona, kutali ndi zenera.

Madzulo ano ndaikamo zonse, ndamanga timalamba, ndatseka, kenaka ndagwedeza bokosi mwamphamvu pafupi ndi khutu, ndipo sindinamve kanthu kakugunda m'kati. Kadzenje kaja katukuka pafupifupi theka. Mawa ndikabwera kutchalitchi ndidzaikaponso dontho lina la madzi monga anandionetsera malume.