Zikomo nonse amene munamuyankhulira mwana wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mwana wanga wachisamba ali pakhomo. Khothi lamupeza wosalakwa pa mlandu uja wa njinga yamoto ya kabaza, imene achiwembu anamulanda usiku koma mwini wake n'kumati anachita kugulitsa.

Ndiyambe ndi inu bambo, mkulu wa mpingo wa dera lathu. Tsiku la belo achibale ambiri anazemba, poopa kuti mwana akathawa mlandu uwagwera iwo. Inu munavala jekete yanu ya Lamulungu, chiphaso cha unzika m'thumba, n'kuimirira pamaso pa majisitireti. Munanena kuti mnyamatayu munamuphunzitsa nokha Sande sukulu, ndipo akapanda kubwera kukhothi afunse inuyo. Ndinaona dzanja lanu likunjenjemera posaina, koma munasainabe. Mulungu akukumbukireni, bambo.

Zikomo kwa mayi wothandiza pa zamalamulo amene anatipeza titangoti kakasi panja pa polisi. Ndi iwo anatiuza kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, komanso kuti ali ndi ufulu wopempha belo. Anatilozeranso ku Legal Aid Bureau, kumene amathandiza anthu osowa ndalama ya loya. Loya amene tinapatsidwa sanatinyoze. Anafufuza mpaka kupeza mlonda amene anaona mwana wanga akumenyedwa usiku uja, komanso chikalata cha kuchipatala chosonyeza mabala a m'mutu. Amayi anzanga a Mvano, ufa, ndiwo ndi ndalama ya minibasi zija sizinapite pachabe.

Koma wamkulu pa onse amene anatiimira sanaoneke m'khothimo. Masiku amene mwana anali pa rimandi, anthu akunong'onezana ndikamadutsa pamjigo, abusa anabwera kunyumba natiwerengera Zekariya 3. Yoswa, mkulu wa ansembe, waima pamaso pa mngelo wa Yehova atavala zovala zonyansa, Satana ali kudzanja lake lamanja kumuneneza. Yoswayo sanatsegule pakamwa. Yehova ndiye anadzudzula wonenezayo, nalamula kuti amuvule zonyansazo amuveke zabwino. Kenako abusawo anatsegula 1 Yohane 2:1, pamene akuti wina akachimwa, Nkhoswe tili naye kwa Atate, Yesu Khristu wolungama.

Mawu amenewa anandigwira mtima chifukwa cha ichi: loya wathu anafunika mboni ndi chikalata kuti aonetse kuti mwana sanabe. Yesu amaimira anthu amene mlandu wawo ndi woona, zovala zawo ndi zakudadi, ndipo dipo analipira yekha. Ahebri 7:25 amati ali ndi moyo nthawi zonse kuti atipembedzere. Usiku umene pemphero linkandikanika, ndinkangogwada pamphasa n'kunena kuti Ambuye, yankhulani ndinu.

Mwana wanga akuti m'chipinda chimene ankagona anasiyamo anyamata amene akhalitsa pa rimandi, opanda wowayendera ngakhale wowaimira belo. Nkhani imeneyi ikumusowetsa tulo, ndi ine ndemwe. Lamulungu likudzali tidzapereka chopereka cha mathokozo, ndipo mapemphero akatha tidzasonkhetsa sopo, shuga ndi zofunda kuti abusa akapereke kundende. Amene mungathe, bwerani nazo. Ngati pali wina wodziwa zamalamulo amene angadzipereke kupita nawo, chonde aonane ndi abusa.