Kalata ya ophunzira odandaula za ndale m'kalasi

Udindo wa mkulu wa dipatimenti ulibe ulemerero womwe anthu amauganizira. Masiku ambiri ndimangokhalira kusaina mapepala ndi kulimbirana zipinda zophunziriramo ndi madipatimenti ena. Sabata yathayi zonsezo zinayamba zadikira, chifukwa Lolemba m'mawa kalasi repu, woimira ophunzira a chaka chachitatu, anandipeza ndi kalata yosainidwa ndi anzake angapo. Ankadandaula kuti lekichala wawo wa phunziro la ndondomeko za boma amakondera mbali imodzi, amanyoza chipani chinacho, ndipo womutsutsa aliyense amamutchula kadeti. Kumapeto kwa kalatayo ndi komwe kunali chenicheni chowawawa: akuti malikisi a mayeso a pakati pa semesita anatsata chipani cha munthu, osati zomwe walemba.

"Madamu, sitikufuna kuti achotsedwe ntchito ayi," anatero mnyamatayo, manja ali kumbuyo. "Ife tikungoopa sapu, mayeso obwereza aja."

Aliyense wophunzitsa pa yunivesite m'Malawi muno akamva nkhani yotere amakumbukira 2011. Mu February chaka chimenecho, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kuti afotokoze zomwe ananena m'kalasi, pomwe anayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zomwe zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. A Mukhito m'kalasimo munalibemo. Alipo amene anakawanong'oneza. Malekichala ananyanyala ntchito, Bingu wa Mutharika ananenetsa kuti mkulu wa apolisi sapepesa, ndipo a Chinsinga, a Jessie Kabwila, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin anachotsedwa ntchito. Maphunziro anasokonekera mpaka October, anayiwo atabwezeretsedwa. Achikulire amapitanso kumbuyo mpaka 1987, pomwe Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu.

Mbiri imeneyi inatisiyira chizolowezi choti wophunzira akangotchula ndale, ife timaona kazitape. Ine chizolowezi chimenechi ndimachikana. Ana awa sanathamangire kupolisi kapena ku ofesi ya chipani. Anagogoda pachitseko changa, mayina awo ali poyera, ndipo akudziwa kuti yemwe akumudandaulayo ndi amene adzachonge mayeso awo omaliza. Kulimba mtima kotero sikuyenera kulipidwa ndi kuwakayikira.

Lachiwiri ndinamuitana lekichalayo. Ndi mnyamata wanzeru, wabwera kumene kuchokera kunja ndi digiri yake ya udokotala, ndipo kalasi yake sagonamo munthu. Asanamalize n'komwe kuwerenga kalatayo anali atatchula kale gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limateteza ufulu wa maphunziro.

"Madamu, ndinanama pati? Andionetse pomwe ndinanama."

"Achimwene, palibe wanena kuti munanama. Ndibwerekeni manotsi anu ndi mapepala onse a mayeso aja."

Manotsiwo ndinawawerenga usiku, magetsi atabwera. Bodza munalibemo. Mutu unali wa katangale pa ntchito za ulimi, ndipo anafotokoza mwaluso nkhani yogula chimanga ku Zambia yomwe inachititsa kuti nduna George Chaponda ichotsedwe mu 2017. Koma sanatchule kuti khoti linadzawapeza a Chaponda osalakwa. Anakhalitsa pa tipeksi wa chisankho cha 2019 ndi chigamulo cha pa 3 February 2020, zomwe ku mutu wa ulimi n'zongolowetsa. Za ndalama za feteleza wa AIP, pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, zomwe zinalipidwa mu 2022 ku kampani ya ku UK yodziwika ndi malonda a nyama, ziii. Cashgate ya 2013 inangopatsidwa mzere umodzi. Pa sabuside namo chimodzimodzi: makuponi a FISP, pulogalamu yakale ya feteleza wotsika mtengo yomwe inayamba mu 2005, anawasenda bwinobwino, mavenda ogula makuponi, mafumu olembetsa midzi yopeka, zonse. Koma thumba la feteleza wa AIP la K4,495 la mu 2020 linangoyamikiridwa, osafunsa kuti mtengo umenewo unakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Kukondera kwa m'kalasi nthawi zambiri kumayenda chonchi. Munthu sanama, amangotola zitsanzo zonse m'munda umodzi, ndipo mwini wake sazindikira chifukwa kwa iye zimenezo ndiye nkhani zomwe zimabwera msanga m'mutu. Wophunzira amene kwawo anavotera chipani chinacho amazimva tsiku loyamba lomwe. Ndipo kuno kwathu, komwe chipani chimayenda ndi chigawo, mwana samva kuti akutsutsidwa maganizo. Amamva kuti akunyozedwa kwawo.

Lachitatu lonse linathera pa mapepala a mayeso, chifukwa kwa ine apa ndiye pagona nkhani. Zomwe lekichala amaganiza pa ndale ndi zake, koma malikisi si ake. Ndinamata manambala a ophunzira, ndinajambulitsa mapepalawo popanda malikisi oyamba, n'kupatsa mnzathu wina wachikulire kuti achonge payekha. Ambiri mwa odandaulawo malikisi awo sanasunthe. Mmodzi anadzaza masamba ndi mawu a pamsonkhano wa chipani, opanda chaka, opanda umboni, ndipo wochonga wachiwiri anamupatsa ochepa kuposa oyamba aja. Koma panali pepala la mtsikana wina lomwe linandikhalitsa chete. Iye anaikira kumbuyo FISP, natchula zokolola zochuluka za zaka zoyambirira za pulogalamuyo, navomereza mavuto a makuponi, n'kuwayankha. M'mphepete lekichala analemba ndi inki yofiira kuti izi ndi ndale za pamsonkhano, ndipo anamupatsa malikisi ongopulumukira. Wochonga wachiwiri analiika pakati pa mapepala abwino kwambiri m'kalasimo.

Lachinayi kunabwera zina. Mawu a lekichala uja, ojambulidwa mobisa pafoni, anayamba kuzungulira pa WhatsApp, atadulidwa kuti pangomveka nthabwala ya makadeti ija. Masana ndinalandira foni kwa bambo wina amene anangoti ndi wakuchipani, akufuna kudziwa chomwe tichite naye "mnyamata wanuyo". Ndinawayankha mwaulemu kuti madandaulo a m'kalasi ali ndi njira yake, ndipo njirayo sidutsa pafoni yawo. Nditadula ndinakauza a Dini, mkulu wa fakote yathu, kenako ndinaitanitsa kalasi repu. Analumbira kuti si gulu lake. Ndinamukhulupirira, koma ndinamuuza kuti akauze anzake kuti wojambulayo wawaonongera mlandu wabwino, chifukwa tsopano theka la malekichala likuti taonani, si tinanena.

Lachisanu ndinakhala pansi ndi lekichalayo, pepala la mtsikana uja lili pakati pathu. Analiwerenga kawiri. Za malikisi sanalimbane nazo, tinakonza pompo. Za zitsanzo ndiye tinakangana ndithu. Iye akuti si ntchito yake kugawa milandu mofanana ngati akugawa nyama ya pa Khirisimasi, boma lina likaba zambiri ndiye kuti laba zambiri. Ine ndinati sindikumupempha kuti afananitse, koma kuti phunziro la katangale wa mu ulimi lomwe ladumpha feteleza wa 2022 ndi loperewera, angaliphunzitse ndani. Pamenepo anavomera, monyinyirika. Nthabwala ya makadeti anati aisiya, ngakhale akuumirirabe kuti inali nthabwala chabe.

Kalata yomwe ndatumiza kwa a Dini ikupempha kuti mayeso omaliza a phunziroli achongedwe ndi anthu awiri, manambala atamatidwa. Lekichalayo wapempha kuti lamulolo likhale la dipatimenti yonse, lisaoneke ngati chilango chake, ndipo ndaliika pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wathu wa mwezi uno. Ndikudziwa kale amene akalikane, poti ndi ntchito yowonjezera yopanda alawansi.