Mzere umene ndimayamba kuyang'ana pa kalembera wa tauni yaing'ono

Ndinaphunzitsa jogalafe kwa zaka zambiri, ndipo chizolowezi chimodzi chinandikanirira ngakhale nditasiya choko. Ndikamva dzina la tauni yaing'ono ya kumudzi, kaya ili dziko liti, ndimafuna kuona tebulo la kalembera wake. Anthu ambiri amangofunsa kuti kumeneko kuli anthu angati. Ine ndimathamangira pamzere wa anthu a zaka 20 mpaka 39, makamaka akazi. Mzere umenewu ndi umene umandiuza ngati sukulu idzakhala ndi ana zaka khumi zikubwerazi, ndiponso ngati mwini sitolo akakalamba adzapeza womusiyira.

Mukajambula anthu a m'tauni yotere motsata misinkhu, ana pansi, nkhalamba pamwamba, chithunzi chake kawirikawiri chimatuluka ndi chiuno chonga cha mavu. Pakati pamawonda. Ana alipo, okalamba alipo, koma amene ali ndi mphamvu zogwira ntchito ndi zobereka anapita. Chiwerengero chonse chikhoza kukhala chimodzimodzi kwa zaka zambiri, atsogoleri n'kumati zinthu zili bwino, pamene anthu akungokhala ndi moyo wautali ndipo palibe obwera m'mbuyo mwawo.

Ku Japan anazindikira zimenezi mowawa. M'chaka cha 2014, gulu lotsogoleredwa ndi Hiroya Masuda, amene kale anali nduna ya boma, linatulutsa lipoti lonena kuti madera 896 mwa madera pafupifupi 1,800 a makhonsolo ali pangozi yodzatha. Muyeso wawo unali umodzi: madera amene akazi a zaka 20 mpaka 39 adzachepa ndi theka pofika 2040. Ena anakwiya kuti lipotilo likuopseza anthu, ndipo mkwiyo wawo ndimaumvetsa, chifukwa palibe amene amakonda kumva kuti kwawo kwalembedwa m'gulu la malo odzatha. Komabe muyesowo ndimaugwirizana nawo. Ngakhale mayi aliyense wotsala atabereka ana ambiri, ngati amayiwo ndi ochepa, makalasi adzakhalabe opanda ana.

Kuchoka kwa akazi sikunayambe lero. Ernst Georg Ravenstein, katswiri wa jogalafe, atasanthula makalembera a ku Britain, analemba mu 1885 kuti pa maulendo osamuka a m'dziko lomwelo akazi amaposa amuna, ndiponso kuti anthu amasamuka pang'onopang'ono, kuchoka kumudzi kupita kutauni yapafupi, kenako kumzinda. Sizili choncho paliponse, popeza kumene migodi inkalemba amuna okhaokha, kumidzi kunkatsala akazi. Koma chifukwa chimene akazi amachokera n'chomveka: kumene munda ndi ziweto zimasiyiridwa mwana wamwamuna, mtsikana amene wapita kusukulu alibe chomugwira mwendo.

Tsono anthu akachepa, malonda safa onse tsiku limodzi. Walter Christaller, katswiri wa ku Germany, anafotokoza mu 1933 kuti malonda alionse ali ndi chiwerengero cha ogula chimene amafuna kuti aime. Kasitolo ka zinthu za tsiku ndi tsiku kamakhutira ndi mabanja ochepa. Sitolo ya mankhwala imafuna ambiri, nthambi ya banki ambiri koposa, sekondale ndi chipatala cha amayi oyembekezera ambirinso. Ndiye zimatsekedwa motsatana, kuyambira zazikulu. Chimene chimandipweteka n'chakuti chilichonse chikatsekedwa chimatenga anthu ena n'kupita nawo. Banki ikachoka, wolandira malipiro amakatapa ndalama kutauni yaikulu, ndipo popeza wafika kale kumeneko, amagulira komweko. Sitolo ya kwawo yataya wogula amene sanasamuke n'komwe. Sukulu ikatsekedwa, mphunzitsi amapita ndi banja lake, nyumba imene ankachita lendi imakhala yopanda munthu, ndipo banja lachinyamata limene linkaganiza zobwerera limasintha maganizo.

Mapeto a njira imeneyi alipo ndithu. Tauni ya Monowi, m'chigawo cha Nebraska ku America, inali ndi anthu pafupifupi 150 m'zaka za m'ma 1930. Kalembera wa 2000 anapeza anthu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ndipo wa 2010 anapeza mmodzi. Sikunagwe mliri kapena nkhondo. Ulimi unapita patsogolo, basi. Mu 1935 dziko la America linali ndi mafamu 6.8 miliyoni, lero alipo pafupifupi 2 miliyoni, ndipo amakolola zambiri kuposa kale. Thirakitala imodzi ikamagwira ntchito ya mabanja khumi, mabanja asanu ndi anayi aja sagulanso kanthu m'tauniyo. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu amene amaganiza kuti zokolola zikachuluka tauni yapafupi ilemera yokha. Dera likhoza kutulutsa chuma chochuluka pamene tauni yake ikuuma, ngati mbewu zikukwera magalimoto zosakonzedwa ndipo phindu likukasungidwa kwina.

Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi m'madera ena a Asia, nkhani imaoneka ngati yotembenuka. Matauni ang'onoang'ono kumeneko akusefukira. Ku Niger pafupifupi theka la anthu sanafike zaka 16, pamene ku Japan pafupifupi theka anapitirira zaka 49. Kalasi limodzi lodzaza ana mpaka pakhomo ndi sukulu yotsekedwa chifukwa chosowa ana zimaoneka ngati mavuto osiyana. Koma mukawerenga kuti munthu mmodzi wogwira ntchito akudyetsa anthu angati, mumapeza kuti m'malo onse awiri katundu wagwera anthu ochepa a pakati aja. Kwina akusenza agogo, kwina akusenza ana, ndipo kwina akusenza onse.

Pamenepa pali chinthu chimene chimandipatsa chiyembekezo, ndipo ndimafuna atsogoleri ambiri atachidziwa. M'chigawo cha Kagera ku Tanzania, ofufuza anatsatira anthu oposa 3,000 kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 mpaka 2010. Mwa amene anatuluka mu umphawi, pafupifupi theka anatuluka posiya kudalira munda wokha n'kuyamba ntchito zina kumudzi komweko kapena m'matauni ang'onoang'ono. Amene anatuluka popita kumizinda ikuluikulu anali mmodzi yekha mwa asanu ndi awiri alionse. Wofika kumzinda ankapeza ndalama zambiri, inde, koma ofikako anali ochepa. Munthu wosauka amakwanitsa ulendo wa kutauni yapafupi, kumene ali ndi wachibale womusunga, kumene luso lake la ukalipentala, kusoka kapena kukonza njinga lili ndi ntchito, ndiponso kumene angabwerere kumunda nthawi yolima. Tauni yaing'ono ndiyo sitepe yoyamba ija ananena Ravenstein, ndipo kwa anthu ambiri ndi sitepe yokwanira.

Ndikafuna kudziwa chuma cha tauni yotere, sindiwerenga masitolo. Ndimafunsa kumene ndalama zimalowera ndi kumene zimatulukira. Zolowera zimakhala zochepa: zokolola kapena miyala ya mumgodi zogulitsidwa kunja, malipiro a aphunzitsi, anamwino ndi apolisi, penshoni za okalamba, ndi ndalama zotumizidwa ndi ana amene anachoka. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inawerengera kuti mu 2023 ndalama zotumizidwa ndi anthu okhala kunja kupita kumayiko osauka ndi apakati zinaposa madola 650 biliyoni, ndipo zimenezo ndi zodutsa malire zokha, osawerengera zochokera kumzinda kupita kumudzi m'dziko lomwelo. Ena onse m'tauni, wometa, wotchaja mafoni, womanga, wogulitsa pamsika, amangopatsirana ndalama zomwezo. Ndalama ikadutsa m'manja asanu isanatuluke, mabanja asanu adya. Ikangofika n'kukwera basi tsiku lomwelo kukagula katundu wa kuholoselo, yadyetsa banja limodzi.

N'chifukwa chake ndimaopa tauni yodalira chinthu chimodzi. Tauni ya Yubari, pachilumba cha Hokkaido ku Japan, inali ndi anthu oposa 110,000 mu 1960 chifukwa cha malasha. Mgodi womaliza unatsekedwa mu 1990, khonsolo inakongola ndalama zambiri poyesa kukopa alendo, ndipo mu 2007 inagwa ndi ngongole. Lero kuli anthu osafika 7,000. Ndimakayikiranso njira zokopa anthu mwachangu, monga nyumba za yuro imodzi zimene matauni ena a pachilumba cha Sicily ku Italy, monga Sambuca, anayamba kugulitsa. Nyumba zimakonzedwa, omanga amapeza ganyu, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma wogula amene amabwera mwezi umodzi pachaka salembetsa mwana kusukulu.

Malo amene ndimawaganizira kwambiri ndi Kamikatsu, tauni ya m'mapiri m'chigawo cha Tokushima ku Japan. M'zaka za m'ma 1950 inali ndi anthu oposa 6,000, lero safika 1,500, ndipo oposa theka ali ndi zaka zopitirira 65. Mu 1981 chisanu choopsa chinapha mitengo ya manachesi imene anthu ankadalira. Mlangizi wa kopaletivu ya alimi, Tomoji Yokoishi, anaona kuti malo odyera a m'mizinda amakongoletsa mbale ndi masamba ndi timaluwa ta nyengo, ndipo mu 1986 anayamba kugulitsa masamba a m'mapiri mwawo, ali ndi alimi anayi okha. Anthu anamuseka. Koma tsamba ndi lopepuka, gogo wa zaka 80 angathe kulithyola, kulisankha ndi kulilongedza, ndipo amayi okalamba aja ankadziwa mtengo uliwonse ndi nthawi imene masamba ake amasintha mtundu. Pambuyo pake anaphunzira kulandira maoda pakompyuta ndi pa tabuleti, n'kumapikisana kuti ayankhe msanga ndani.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti munthu uja anayamba wayang'ana anthu amene analipodi. Sanadikire fakitale yofuna anyamata amene anachoka kale. Anafunsa ntchito imene nkhalamba ingagwire bwino kuposa wina aliyense, ndipo ndalama za m'mizinda zinayamba kukwera phiri. Chiwerengero cha anthu a ku Kamikatsu chikutsikabe, masamba sanachiimitse. Koma achinyamata ena ochokera kumizinda anasamukirako, ena kudzaphunzira malonda a masambawo, ena chifukwa cha ndondomeko ya tauniyo yothetsa zinyalala imene inalengezedwa mu 2003, imene anthu amasankhula zotaya zawo m'magulu oposa 40. Obwerawo ndi ochepa, koma ambiri mwa iwo ali m'zaka za m'ma 20 ndi 30, ndipo m'tauni ya anthu 1,400 mabanja khumi achinyamata ndi okwanira kuti sukulu ya pulayimale isatsekedwe.