Kaundula wa mudzi azikhala m'mudzi momwemo

Madzi akasefukira kuno ku Chigwa cha Shire, pambuyo pake pamabwera anthu a matabuleti, timakompyuta ta m'manja, kudzachita kalembera. Zinali choncho mu 2015, pa namondwe Idai mu 2019, pa Ana mu 2022, pa Freddy mu 2023. Amalemba mayina, nambala za ziphaso za unzika, ana, mbuzi, kukula kwa dimba, basi galimoto n'kudutsa pa Thabwa ulendo wa ku Blantyre. Nyakwawa satsala ndi pepala ngakhale limodzi. Gulu lina likafika, kalembera amayambanso.

Bizinesi yathu inayambira pamenepa. Timakonzera midzi ndi magulu a alimi ku Chikwawa ndi Nsanje kaundula ndi mapu oti azisunga okha.

Zida n'zochepa: laputopu yogwirapo kale ntchito, mafoni awiri a Android, sola ya mawati 100, batire, ndi ma hard disk awiri. Pa laputopu timaika pulogalamu yokonzera mapu ya QGIS, pa foni yoyezera malo ya QField, zonse zaulere. Intaneti siifunika, ndipo GPS ya pa foni, yomwe imasonyeza pamene waima, imagwira ngakhale popanda netiweki kapena bandulo. Timalipiritsa kukonza fomu, kuphunzitsa achinyamata awiri osankhidwa ndi mudzi, ndi kukonza zikawonongeka.

Fomu timaikonza pabwalo, ndi mawu a eni ake. Munda wa kudimba ndi wa kumphala zimalembedwa padera, chimodzimodzinso mwini malo ndi wobwereka. Fomu yokhala ndi mpata umodzi wa "mwini" imasandutsa wobwereka kukhala mwini, ndipo mlandu wake umadzaphulika mwini weniweni atamwalira.

Chovuta kwambiri ndi kuyeza malire. GPS ya foni imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu. Pa munda waukulu zilibe kanthu, koma pa kadimba kopapatiza ka m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, amenewo ndi mizere ingapo ya chimanga cha mnzako. Ndiye pa ngodya iliyonse woyeza amaima mphindi yathunthu kuti nambala zikhazikike, oyandikana onse awiri ali pomwepo, n'kujambula chizindikiro, kaya ndi chulu kaya mtengo wa mgwalangwa. Muyeso wakale sitifufuta. Shire ndi Ruo zimasuntha, malo amene chaka chino ndi munda chaka chamawa ndi mchenga, choncho muyeso uliwonse umakhala ndi deti lake. Tizinenanso poyera kuti mapu amenewa si chikalata cha umwini. Kulembetsa malo kumadzera ku komiti ya malo monga likunenera lamulo la malo a makolo la 2016.

Kutentha nako. Mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, foni imachepetsa kuwala kenako n'kuzima, ndiye kuyeza kumayamba m'mamawa n'kulekeza cha m'ma 9 koloko. Batire la asidi limatha msanga pamalo otentha. Kulipachika pafupi ndi malata pothawa madzi ndiye kulipha. Timaliika pa shelefu yofika m'chifuwa, pakhoma lopita mphepo.

Tisanayatse foni, mudzi umagawa nkhani zake patatu: zoti aliyense aone, zoti ione komiti yokha, ndi zosalembedwa n'komwe. Manda ndi nkhalango za mizimu, monga ya Khulubvi kwa M'bona, sitiika pa mapu pokhapokha oyang'anira ake atafuna okha. Mgwirizano umalembedwa m'Chichewa n'kuwerengedwa mokweza, m'Chisenanso kumene amalankhula Chisena. Lamulo loteteza deta la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, limateteza nkhani za munthu payekha. Za mudzi wonse, monga komwe kuli mankhwala kapena madoko a nsomba, chozitchinjiriza ndi mgwirizanowu. Bungwe likafuna deta limalembera komiti, ndipo nthawi zambiri ziwerengero zimakwanira popanda mayina.

Ife sitisunga kope. Ena amadabwa nazo, koma tikanasunga tikanangokhala a matabuleti enanso. Pasiwedi amaidziwa anthu atatu osankhidwa pabwalo, chifukwa mmodzi akhoza kusamuka kapena kumwalira nayo. Hard disk yachiwiri imasungidwa kumtunda, m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino. Mwezi uliwonse amaitenga, kukoperamo zatsopano, ndi kutsegula fayilo imodzi kuti aone ngati ikuwerengekadi asanaibweze.