Tsiku limene ndinadalira madigiri 197

Galimoto yanga inali ndi nthenda imodzi yokha, koma yochititsa manyazi: ikangoyamba kukwera chitunda chachitali, madzi a mu rediyeta ankawira, nthunzi n'kumatuluka m'mbali mwa boneti, ine n'kuima pambali pa msewu ngati wodikira basi. Kwa zaka zitatu ndinkathiramo madzi a pampopi okhaokha, ndipo aliyense wonditchulira antifreeze ndinkamuyankha monyada kuti mankhwalawo ndi othandiza kuti madzi asaundane, pamene anga vuto lawo linali kuwira.

Usiku wina ndinawerenga kuti ethylene glycol, amene ndiye mwini nkhani mu antifreeze, amawira pa madigiri 197, pamene madzi amawira pa 100, ndipo mukasakaniza theka ndi theka zimawira pafupifupi pa 107. Ndinalekera pomwepo kuwerenga, chifukwa nzeru zinali zitandidzadza kale m'mutu. Ndinaganiza kuti ngati madzi ndiwo akutsitsa 197 kufika pa 107, ndiye kuti mdani wanga ndi madziwo. M'mawa mwake ndinakhutula rediyeta yonse, n'kudzazamo antifreeze wosasungunula. Pa chigubu panalembedwa momveka bwino kuti asakanizidwe ndi madzi, koma ine ndinawatenga malangizowo ngati mantha chabe a anthu opanga mankhwala.

Mwatsoka, munthu woyamba kukwera galimotoyo anali apongozi anga aamuna, amene anayendetsa malole kwa zaka zambiri ndipo sakonda kuyankhula ali pa ulendo. Ndinawafotokozera luso langa lonse kuyambira pachiyambi, nambala ya 197 ndikuitchula mobwerezabwereza ngati dzina la mwana woyamba kubadwa. Iwo anangoti "Chabwino," maso ali pa geji.

Titafika pakati pa chitunda chomwe chija, muvi wa geji unadutsa pakati n'kuyamba ulendo wopita kofiira. Ndinawauza kuti, "Musade nkhawa bambo, zimenezi sizingawire." Ndipotu sindinaname, pakuti nthunzi sinatuluke ngakhale pang'ono. Koma injini inayamba kugogoda ngati muli timiyala m'kati, mphamvu zinayamba kuchepa, ndipo fungo la oyilo wotentha linalowa m'galimoto. Apongozi anatsokomola pang'ono n'kunena mwaulemu kwambiri kuti, "Akamwini, zoti madzi anuwo sawira ndamva. Nanga injiniyi munaiuza kuti nayonso ipirire mpaka 197?"

Ndinaimitsa. Nditatsegula boneti, dzanja langa linathamangira pa chotsekera cha rediyeta kuti ndiwaonetse kuti m'katimo muli bata, koma iwo anandimenya padzanja ndi chipewa chawo, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirire ine mwana wawo. Anati munthu wotsegula rediyeta yotentha amapita kuchipatala nkhope ili yosupuka. Tinakhala pamthunzi kupitirira ola lathunthu, iwo akuphunzitsa, ine ndikuyang'ana nyerere.

Phunziro lawo linali lakuti ntchito ya madzi mu injini ndi kunyamula kutentha kukakutaya ku rediyeta, ndipo pa ntchito imeneyi madzi wamba ndiwo ngwazi. Antifreeze yekha ali ngati wantchito amene sadandaula konse dzuwa likamawotcha, koma amanyamula njerwa imodzi pamene mnzake akunyamula ziwiri. Komanso ndi wolemerera ngati mafuta, motero sathamanga bwino m'timapaipi ting'onoting'ono ta rediyeta. Nditabwerera kunyumba ndinapeza kuti zonsezi zinali patsamba lomwe lija, mizere yochepa chabe kunsi kwa pamene ndinalekera: kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika mphamvu ya kutentha yokwana makilojulu pafupifupi 4.2, pamene ya glycol imangofuna pafupifupi 2.4. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale pa nkhani ya kuundana ndinali nditaluza, chifukwa glycol yekha amaundana pa madigiri pafupifupi 13 kunsi kwa ziro, pamene wosakaniza theka ndi theka amapirira mpaka cha m'ma 37. Ndinali nditakwanitsa kuipitsa zinthu mbali zonse ziwiri pa tsiku limodzi.

Injini itazizira, apongozi anakulunga nsanza padzanja, n'kutsegula chotsekera chija pang'onopang'ono. Anachitembenuza, n'kuchiika pafupi ndi mphuno yanga. Labala wake anali wong'aluka ndiponso wouma gwa, ndipo sipuling'i yake ankaikanikiza ndi chala chaching'ono popanda vuto. Apa m'pamene panali nthenda ya zaka zitatu ija. Chotsekera chabwino chimasunga mpweya wopanikizika m'kati, ndipo chikamagwira pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa kupanikizikako), madzi wamba sawira mpaka cha m'ma 120, pamene osakaniza theka ndi theka amafika pafupifupi 129. Ndiye kuti kachitsulo kamene sindinkakayang'ana n'komwe kamawonjezera madigiri oposa 20, pamene antifreeze amawonjezera 7 okha. Popanda chotsekera chogwira, madzi anga ankawira pa 100, ndipo pamwamba pa zitunda ankawira asanafike n'komwe pamenepo, popeza mukakwera mamita 300 aliwonse madzi amafulumira kuwira ndi digiri imodzi.

Kuti tifike kumene tinkapita, tinakhetsera theka la mankhwalawo m'chigubu n'kuthiramo madzi. Nditataya pang'ono pansi, apongozi anandilamula kukwirira ndi dothi lambiri, ponena kuti antifreeze amatsekemera ndipo galu akanyambita amafa. Ndinakwirira ndi nsapato yanga yopolisha, magalimoto odutsa akuchepetsa liwiro kuti aone bwino.

Makaniko amene anatsuka rediyetayo patapita masiku awiri anatulutsamo madzi ofiira ndi dzimbiri pamodzi ndi zinyenyeswa zoyera za madzi a pampopi, n'kundikumbutsa kuti mu antifreeze mulinso mankhwala oteteza dzimbiri, amene ndinakhala ndikuimana injiniyo zaka zonsezi. Anati gasiketi, imene imatseka kuti madzi ndi oyilo zisasakanikirane mu injini, yapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, anaika chotsekera chatsopano, n'kusakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled, amene sasiya zinyenyeswa zoyera zija. Atamva zimene ndinachita, anaitana anzake awiri kuti ndifotokozenso kuyambira poyamba, ndipo mmodzi anachita kukhala pansi pa tayala chifukwa cha kuseka.

Galimotoyo tsopano imakwera chitunda chija muvi uli pakati osagwedezeka. Koma apongozi, anthu osakonda kuyankhula aja, nkhaniyi anaifikitsa kwa abale onse a mkazi wanga, moti ndikaimba foni kwawo, mwana aliyense woyankha amakuwa kuti, "Agogo, a 197 akukufunani!"