Musafulumire kutaya BMS

Lero pamsika wa Kasungu mnyamata wina wabwera ndi batire yopanga yekha ya 3S (magulu atatu a maselo olumikizidwa motsatizana), ya maselo a mtundu wa 18650 ochotsa m'malaputopu. Poyeza kuchokera ku pozitivu, pa B- (negetivu ya maselo) mita ikuwerenga 10.7V, pa P- (negetivu yotulukira pa BMS, kabolodi koteteza maselo) 6V yokha. Akuti BMS yapsa.

Sinapse ayi, yangodzitseka chifukwa gulu limodzi latsika kwambiri. Pamawaya a balance (oyezera gulu lililonse palokha) magulu awiri ali pa 4.1V, lachitatu 2.5V. Gulu lofookalo litchajeni palokha; likatsikanso msanga, sinthani maselo ake.

Kenako lumikizani chinthu chokoka 10A, muyeze pakati pa B- ndi P-. Kusiyana kukhale cha m'ma 0.1V. Mukapeza 0.5V, ndiye kuti mawati 5 akuthera m'kutentha: khudzani ma MOSFET (tizipangizo ta pa BMS totsegula ndi kutseka magetsi) ndi powotcherera waya kuti mumve pamene pakutentha. Nthawi zina vuto ndi kawaya kowonda ka pa B-. Zimandipweteka kuona BMS yabwinobwino ili kudzala.